Madzi a pampopi ndi thanki ya nsomba: kusankha njira yosinthira madzi

Madzi otuluka pampopi anakonzedwa kuti munthu amwe osadwala, osati kuti nsomba zikhalemo. Ndiponso madzi a muthanki yanu, ngakhale anachokera pampopi womwewo, pakatha masabata awiri kapena atatu sakhalanso momwe analili. Ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zawola, mabakiteriya a mufyuluta adya gawo la michere, mitengo ndi miyala yokongoletsera yasungunukiramo zakezake, ndipo madzi amene auluka asiya michere yawo mmbuyo. Tsiku losintha madzi ndi limene madzi amitundu iwiriwa amakumana, nsomba zili pakati.

Ndinene maganizo anga poyamba pomwe: anthu ambiri oweta nsomba m'nyumba safunika kusandutsa madzi awo kukhala mtundu wina. Chofunika ndi kudziwa kuti madzi a pampopi akusiyana bwanji ndi a muthanki, kuchotsa chimene chimapha, kenako kumachita zomwezo mlungu ndi mlungu. Njira zodula zili ndi malo ake, koma malowo ndi ochepa kuposa momwe otsatsa malonda amanenera.

Zoyenera kudziwa musanasankhe

Choyamba ndi mankhwala ophera tizilombo amene ogawa madzi amathira. Ena amathira klorini, ena kloramini, yomwe ndi klorini yophatikizidwa ndi amoniya. Zonsezi zimawotcha ziwalo zopumira za nsomba ndipo zimapha mabakiteriya a mufyuluta, ngakhale pamlingo umene munthu amamwa popanda vuto. Kusiyana kwake n'kwakuti klorini imauluka madzi akakhala poyera, koma kloramini imakakamira kwa masiku ambiri, n'chifukwa chake ogawa madzi ambiri amaikonda. Afunseni chimene amathira. Apo ayi, gwiritsani ntchito zoyezera zosonyeza klorini yonse ndi klorini yosaphatikizika: nambala yoyamba ikaposa yachiwiri moonekeratu, muli kloramini.

Chachiwiri ndi manambala atatu: pH, KH ndi GH. pH imasonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi: nambala ikatsika, ndiye kuti asidi wachuluka. GH imasonyeza kuchuluka kwa kalisiyamu ndi maginiziyamu. Digiri imodzi ndi pafupifupi mamiligalamu 17.9 pa lita. KH imasonyeza kuchuluka kwa makaboneti amene amagwira pH kuti isamagwedezeke. Anthu amathamangira pH chifukwa ndi yosavuta kuyeza, koma imene imalamulira nkhani ndi KH. Ndipo pH ya pampopi muziiyeza kawiri: madzi akangotuluka, kenako atagona m'ndowa maola 24 akupatsidwa mpweya. M'mapaipi madzi amatha kusunga mpweya wa kaboni dayokisaidi wambiri, ndipo ukauluka pH imakwera. Kwina zimatembenuka: ogawa madzi akakweza pH dala kuti mapaipi asachite dzimbiri, madziwo akagona pH imatsika. Nambala yachiwiriyo ndiyo imene nsomba zanu zidzakhalemo.

Pali chifukwa china choopera kusiyana kwa pH, ndipo ndichimene chimapha nsomba zambiri m'mathanki onyalanyazidwa. KH ili ngati nkhokwe imene mabakiteriya amatapamo tsiku lililonse posintha amoniya yochokera ku zonyansa za nsomba kukhala nitrate: miligalamu imodzi ya naitirojeni ya mu amoniya ikamasandutsidwa nitrate, imadya pafupifupi mamiligalamu 7 a makaboneti. Thanki ikakhala miyezi osasinthidwa madzi, nkhokweyo imatha, pH imagwa, mabakiteriya amafooka, amoniya n'kuyamba kuunjikana. Nsomba sizifa nthawi yomweyo chifukwa pa pH yotsika amoniya imakhala mumtundu wake wosaopsa kwambiri. Pa kutentha kwa madigiri 25, gawo lakupha ndi pafupifupi theka la 1 peresenti pa pH 7, koma limadutsa 5 peresenti pa pH 8. Mwini thanki akadzachita chisoni n'kusintha theka la madzi kamodzi, pH imadumpha, amoniya yotsalayo imasanduka poizoni, nsomba n'kufa tsiku limene zinalandira madzi oyera.

Chachitatu ndi kutentha. Madzi atsopano asasiyane ndi a muthanki kupitirira digiri 1 kapena 2. Madzi ozizira kwambiri otuluka mwamphamvu m'paipi amabweranso ndi mpweya wopyola muyezo, umene umaoneka ngati tithovu ting'onoting'ono tomatirira pagalasi ndi pathupi la nsomba.

Chachinayi ndi zimene madziwo anyamula: nitrate ndi zitsulo monga kopa. Bungwe la World Health Organization limaika malire a nitrate m'madzi akumwa pa mamiligalamu 50 pa lita, kutanthauza kuti madzi ovomerezeka kumwa akhoza kukhala ndi nitrate yoposa imene mukufuna muthanki. Thanki ikakhala pa 40, madzi a pampopi ali pa 20, kusintha kota ya madzi kumangotsitsa nambala kufika pa 35.

Njira iliyonse pansipa ndaiyang'ana pa zinthu zinayi: mtengo, kapezekedwe, ntchito yosamalira, ndi zoopsa zake, makamaka zimene zimachitika tsiku lomwe mwatopa kapena mwafulumira.

Njira yoyamba: madzi a pampopi ndi mankhwala ochotsa klorini

Mtengo: ndi njira yotsika mtengo kuposa zonse. Mankhwala okhuthala amafunika pang'ono kwambiri, ena mamililita 5 okha pa malita 200, choncho botolo limodzi limakhalitsa. Poyerekeza mabotolo, musayang'ane kukula kwake. Yang'anani malita a madzi amene lililonse lingakonze.

Kapezekedwe: kulikonse kumene amagulitsa zinthu za nsomba zoweta. Ambiri mwa mankhwalawa maziko ake ndi sodium thiosulfate kapena ena ofanana nawo.

Ntchito yosamalira: yochepa. Mukatunga ndi ndowa, thirani mankhwala m'ndowamo molingana ndi madzi ake. Mukamadzaza ndi paipi molunjika muthanki, thirani mankhwala poyamba, ndipo muwerengere madzi a thanki yonse, osati atsopano okha. Ndi bwino kuzimitsa fyuluta podzaza kuti madzi osakonzedwa asadutse m'mabakiteriya.

Zoopsa: sodium thiosulfate yokha ikakumana ndi kloramini imachotsa klorini n'kumasula amoniya. Muthanki yokhwima, yosintha madzi ochepa, fyuluta imamaliza amoniyayo msanga. Muthanki yatsopano, kapena ya pH yokwera yosinthidwa madzi ambiri, nkhaniyi ndi yaikulu. Pamenepo gulani mankhwala olembedwa kuti amagwiranso amoniya, koma musawayese ngati achotseratu, chifukwa ntchito yomaliza ndi ya mabakiteriya. Dziwaninso kuti mankhwalawa sakhudza GH, KH, nitrate kapena kutentha. Kuthira mopyola kwambiri kumachepetsa okosijeni m'madzi. Ndipo mlingo wa klorini pampopi sukhazikika: mvula yamphamvu ikagwa kapena mapaipi akakonzedwa, ogawa madzi amatha kuonjezera. Madzi akanunkha klorini kuposa masiku onse kapena akatuluka odera, dikirani tsiku lina.

Njira yachiwiri: kugoneka madzi mumgolo

Apa mumadzaza mgolo tsiku limodzi kapena awiri nthawi yosintha isanakwane, n'kuikamo mwala wotulutsa mpweya ndi hita. Ine njirayi ndimaiona ngati yonyozeka mosayenera, chifukwa imathetsa mavuto atatu nthawi imodzi: pH imakhazikika madzi asanafike kwa nsomba, kutentha kumafanana, ndipo mpweya wopyola muyezo umatuluka.

Mtengo: mgolo, kapampu ka mpweya ndi hita zimagulidwa kamodzi, chotsalira ndi magetsi pang'ono.

Kapezekedwe: n'zosavuta, koma mgolowo ukhale wa pulasitiki yosungiramo chakudya kapena madzi akumwa, usakhale woti unakhalapo mafuta, sopo kapena mankhwala. Chimene chimasowa kwenikweni ndi malo. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho mgolo wa malita 200 suyenda ukadzaza. Uikeni pafupi ndi thanki ndipo konzekerani kapampu kokankhira madzi.

Ntchito yosamalira: kukumbukira kudzaza nthawi ikadalipo, kuvindikira kuti fumbi ndi udzudzu zisalowe, kutsuka mwa apo ndi apo popanda sopo. Zimitsani hita musanakhuthule madzi, chifukwa ikayaka pouma imasweka.

Zoopsa: chachikulu ndi chikhulupiriro chakale chakuti madzi ogona sasowa mankhwala. Izi n'zoona pa klorini yokha. Ngati madzi anu ali ndi kloramini, maola 24 kapena 48 sachotsa kanthu kooneka, ndipo muyenera kuthirabe mankhwala. Ngakhale muli ndi klorini yokha, kuthira mankhwala mumgolo kumadya ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi kutaya nsomba tsiku limene ogawa madzi asintha njira osakuuzani. Pakhomo pamene pali ana aang'ono, mgolo wosavindikira bwino ndi ngozi yeniyeni.

Njira yachitatu: kusintha madzi ochepa pafupipafupi

Iyi siifuna kugula chilichonse kupatula mankhwala a klorini aja, ndipo aliyense angaichite. Tiyerekeze kuti thanki ili pa KH 3, mpopi uli pa KH 10. Mukasintha theka la madzi, nsomba zimapezeka pa 6.5 m'mphindi zochepa. Mukasintha 10 peresenti, zimapezeka pa 3.7. Mtengo wake ndi nthawi yanu, pakuti muyenera kugwira ndowa kawiri kapena katatu pamlungu. Kuipa kwake n'kwakuti madzi ochepa amachotsa zonyansa zochepa: muthanki yodzaza nsomba zikuluzikulu nitrate imakwerabe. Dziwaninso kuti mukapitiriza, madzi a muthanki amayandikira pang'onopang'ono ku mtundu wa madzi a pampopi. Nthawi zambiri izi n'zabwino, chifukwa kusiyana kukachepa mumatha kumasintha madzi ambiri popanda mantha.

Njira yachinayi: makina a RO (reverse osmosis)

Makinawa amakankha madzi kudutsa pa kachikopa kosefera kamene kamatsekereza michere yambiri, kawirikawiri kupitirira 90 peresenti. Madzi otuluka amakhala ndi GH ndi KH pafupifupi 0, ndipo nitrate ndi kopa zimachepa kwambiri. Mwa njira zili pano, ndi yokhayo yodalirika yotsitsira michere m'madzi chaka chonse.

Mtengo: wokwera pogula, komanso umapitirira. Masefa akutsogolo amasinthidwa pakatha miyezi 6 mpaka 12, kachikopa kenikeniko pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Makina ambiri a m'nyumba amataya malita 3 kapena 4 pa lita imodzi yabwino, zimene zimaoneka pa bilu ya madzi pokhapokha mutapezera otayikawo ntchito ina, monga kuthirira kapena kukolopa. Onjezeraponi michere yobwezera m'madzi ndi kachida koyezera TDS, kutanthauza kuchuluka kwa zonse zosungunuka m'madzi.

Kapezekedwe: makinawo amapezekanso kwa ogulitsa zosefera madzi akumwa. Musanagule, tsimikizani kuti masefa olowa m'malo azipezeka, ndiponso kuti madzi anu ali ndi mphamvu yokwanira, pafupifupi mabaa 3 (bar, muyeso wa mphamvu ya madzi m'paipi) kapena kuposa. Mphamvu ikachepa, kapena madzi akazizira kwambiri, makina amangodontha ndipo pamafunika pampu yothandizira.

Ntchito yosamalira: yochuluka kuposa njira zonse. Madzi amatuluka pang'onopang'ono, motero mgolo uja umafunikabe. Muyenera kuyeza TDS pafupipafupi, ndipo sefa ya makala isamachedwe kusinthidwa, chifukwa klorini ikadutsa imawononga kachikopa kodulako.

Zoopsa: madzi a RO osaonjezera kanthu si abwino kwa nsomba. Alibe michere yothandiza thupi kusunga mchere wake, alibenso KH yogwira pH. Njira zowakonzera zilipo ziwiri. Yosavuta ndi kusakaniza ndi madzi a pampopi: GH ndi KH zimatsika molingana ndi kasakanizidwe, kotero mpopi wa GH 16 ukasakanizidwa theka ndi theka umapereka GH 8. pH yokha siitsata masamu amenewa, ndiye muziiyeza. Gawo la pampopilo limafunikabe mankhwala a klorini. Njira inayo ndi kugwiritsa ntchito RO yokha n'kuthiramo michere yogula yoyezedwa pa sikelo, imene imakupatsani madzi ofanana mlungu uliwonse mosatengera zomwe zikuchitika pampopi. Choopsa chimene ambiri sachiganizira ndi kudalira: nsomba zikazolowera madzi a GH yotsika, makina akawonongeka simungangotembenukira kumpopi tsiku lomwelo.

Musasokoneze RO ndi makina ena a m'nyumba amene amagwiritsa ntchito mchere pofuna kuti sopo azichita thovu. Amenewo amachotsa kalisiyamu ndi maginiziyamu n'kuikamo sodiyamu. GH imaoneka yotsika pa choyezera, koma KH sisintha ndipo michere yonse siichepa. Ngati nyumba ili ndi makina otere, tungani madzi a nsomba pampopi umene sudutsako.

Njira yachisanu: kuonjezera zinthu zokweza kapena zotsitsa manambala

Pano pali mbali ziwiri zosafanana m'pang'ono pomwe. Kukweza n'kosavuta ndipo kumakhazikika. Kutsitsa ndi mankhwala n'kovuta ndipo kumabwerera.

Mtengo ndi kapezekedwe: zokwezera n'zotsika mtengo. Soda wophikira, amene ndi sodium bicarbonate, amakweza KH: magalamu 3 pa malita 100 amaonjezera pafupifupi digiri imodzi. Mchere wa Epsom, womwe ndi magnesium sulfate, umakweza GH osakhudza KH, ngakhale umapereka maginiziyamu yekha popanda kalisiyamu. Zidutswa za makorali kapena aragonite zoikidwa mufyuluta zimasungunuka pang'onopang'ono n'kukweza zonse ziwiri, ndipo zimasungunuka msanga pH ikatsika, kutanthauza kuti zimagwira ntchito nthawi yomwe zikufunika.

Ntchito yosamalira: yezani pa sikelo, sungunulani mumgolo kapena m'ndowa, osati muthanki, ndipo werengerani madzi amene mwachotsa okha. Madzi ouluka satenga michere, choncho podzaza malo a madzi ouluka musaonjezere kanthu.

Zoopsa: kukweza msanga kumadzidzimutsa nsomba ndipo kumakulitsa ukali wa amoniya. Koma vuto lalikulu lili ku mabotolo otsitsa pH. M'madzi a KH yokwera, asidi amene mwathira amamezedwa ndi makaboneti, pH imatsika lero n'kukweranso mawa, inu n'kuthiranso, mpaka tsiku lina KH imatha ndipo pH imagwa mwadzidzidzi. Ena mwa mankhwalawa ali ndi phosphate imene imatha kulimbikitsa ndere. Peat (zomera zowolerana za m'madambo) ndi masamba a mtengo wa catappa zimatsitsa pH pang'ono pokhapokha KH ikakhala yotsika kale, ndipo zimapatsa madzi mtundu wa tiyi. Sindilimbikitsa aliyense kulimbana ndi KH yokwera pogwiritsa ntchito asidi muthanki momwe muli nsomba.

Njira yachisanu ndi chimodzi: madzi a mvula

Ndi aulere, alibe klorini, ndipo GH ndi KH zake n'zotsika kwambiri, motero amagwira ntchito yofanana ndi RO posakaniza. Kapezekedwe kake kamadalira nyengo, ndiye pamafunika mosungira mwamukulu kuti musasinthe mtundu wa madzi pakati pa chaka. Ntchito yake ndi kutaya madzi oyamba amene amatsuka denga, kusefa, kuvindikira, ndi kubwezeramo michere. Zoopsa zake zimachokera padenga ndi mumlengalenga: zinki ya malata, kopa ya m'ngalande zina, utoto, zitosi za mbalame, utsi wa mafakitale ndi mankhwala opopera m'minda. Zambiri mwa izi zoyezera wamba sizizisonyeza. Kudutsitsa madziwo m'makala osefera kumachepetsa zina, osati zonse.

Iti ikuyenera ndani

Ngati mwayeza n'kupeza kuti thanki ndi mpopi zikusiyana pang'ono, ndipo nsomba zanu ndi zija zoswedwa m'mathanki kwa mibadwo yambiri monga guppy, platy, danio ndi ma tetra wamba, tengani njira yoyamba: mankhwala a klorini, kutentha kofanana, 20 mpaka 30 peresenti pamlungu. Musagule china.

Ngati pH ya pampopi imasintha kwambiri madzi akagona, kapena madzi amatuluka ozizira ndi tithovu tambiri, kapena mumasintha theka la madzi kamodzi, mgolo ndi umene mukusowa, ndi mankhwala othiridwa momwemo.

Ngati thanki yakhala miyezi osasinthidwa madzi, kapena mwailandira kwa munthu wina, yezani amoniya, pH ndi KH musanachite kanthu. Yambani ndi 10 peresenti tsiku lililonse kapena modumphitsa tsiku, mpaka manambala ayandikire a pampopi, kenako bwererani ku ndondomeko ya mlungu ndi mlungu.

Ngati madzi a pampopi ali ndi GH ndi KH zokwera ndipo simunagule nsomba, sankhani zokonda madzi otere: molly, guppy, swordtail, kapena ma cichlid a m'nyanja ya Tanganyika ndi ya Malawi. Kumbukirani kuti nyanja ziwirizi sizifanana: ya Malawi ili ndi pH yokwera, pafupifupi 7.7 mpaka 8.6, koma michere yake ndi yocheperapo kusiyana ndi ya Tanganyika. Ngati madziwo ndi omwewo koma mtima uli pa kuswetsa discus, cardinal tetra ya ku Rio Negro, kapena ma shrimp a mtundu wa Caridina, ndiye RO ndi yoyenera ndalama zake, ndi michere yoyezedwa pa sikelo.

Ngati madzi a pampopi ali ndi KH yotsika kwambiri, pansi pa 2 kapena 3, ndipo pH imagwa pakati pa mlungu, ikani thumba la makorali mufyuluta. Kwa nsomba zofuna KH yokwera, onjezerani soda woyezedwa mumgolo.

Ngati nitrate ya pampopi ndi yokwera, sakanizani ndi RO, dzalani zomera zokula msanga, ndipo chepetsani nsomba ndi chakudya. Ngati mukuweta ma shrimp kapena nkhono m'nyumba ya mapaipi a kopa, tsegulani mpopi mphindi zingapo musanatunge, tungani madzi ozizira okha n'kuwatenthetsa ndi hita mumgolo, ndipo choyezera kopa chikasonyezabe kanthu, pitani ku RO. Madzi a mvula asiyireni amene ali ndi denga loyera, mosungira mokwanira chaka chonse, ndi makala osefera. Muwayese kaye pa thanki imodzi kwa milungu ingapo musanawapereke kwa nsomba zonse.